Mzere wa Kuchipatala Suli Ngati wa Kuchigayo

Linali Lolemba m'mawa, mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Ine ndinapita pachipatala china chaching'ono cha m'boma lathu lino la Kasungu kukayendera mjigo ndi dzenje lotayamo zinyalala, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yanga. Pakhonde panali podzaza. Amayi ena anakhala pamabenchi, ena pansi, ndipo mzere unafika mpaka patsinde pa mtengo wa mango pamene anthu amayedzekapo njinga. Aliyense anali ndi buku lake la kuchipatala m'manja, ndipo aliyense ankadziwa bwino lomwe amene anam'peza ndi amene anafika pambuyo pake.

Tsono bambo wina amene amathandiza anamwino pachipatalapo anayamba kuyenda m'mbali mwa mzerewo, akuvundukula chitenje cha mwana aliyense. Atafika kumapeto kwenikweni anaima. Panali mayi amene anali atangotsitsa kumbuyo mwana wa zaka ngati ziwiri. Bamboyo anagwira dzanja la mwanayo, namuitana, namugwedeza pang'ono, koma mwanayo sanatsegule maso. "Amayi, dzukani, tiyeni msanga," anatero, ndipo anawadutsitsa pakati pa anthu onse aja mpaka m'chipinda cha adokotala.

Pakhonde panabuka phokoso. Agogo ena aamuna, amene anali achitatu pamzere, anagogoda ndodo yawo pansi nati, "Achimwene, ife tafika pano kusanache. Kodi amenewa ndi abale anu?" Bamboyo pobwerera anagwada pang'ono nayankha kuti, "Pepani agogo, mwanayu sakanatha kudikira. Inuyo tikuonani ndithu."

Agogowo sindinawaone kulakwa. Kuchigayo, kumjigo, ngakhale pogula feteleza, wofika poyamba ndiye amayamba, ndipo wodumpha mzere timamuyesa wopanda mwambo. Koma ine ndinakumbukira tsiku lina ndili wophunzira ntchito, pachipatala china kutali ndi kuno. Mayi wina anadikira mwaulemu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu, osadandaula konse. Nthawi yake itakwana anamasula mwana kumbuyo, ndipo anapeza kuti mwanayo anatsirizika kalekale. Iye ankayesa kuti wagona tulo. Kulira kwa mayi ameneyo ndimakumvabe mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake ndafuna kuti awerengi athu adziwe kumene kunachokera lamulo loti mwana wodwala kwambiri azilowa poyamba.

KUMENE LAMULOLI LINACHOKERA

Madokotala amatchula mchitidwe umenewu ndi mawu akuti triage, ochokera ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lake ndi kusankha. Kwa ife a kuno mawuwa si achilendo. Mlimi wa fodya saponya masamba onse m'belo limodzi monga momwe anawathyolera. Amayamba wakhala pansi m'chigafa, nayang'ana tsamba lililonse, naliika pamulu woyenera. Zaka zoposa 200 zapitazo dokotala wina wa asilikali a Napoleon, dzina lake Dominique Larrey, analamula kuti ovulala kunkhondo azithandizidwa potsata kukula kwa mabala awo, osati potsata udindo wawo. Koma kuti nzeru imeneyi ifike pakhonde la chipatala cha kumudzi, kumene kulibe makina ndiponso ogwira ntchito ndi owerengeka, mbali yaikulu ya ntchitoyo inachitikira m'dziko lathu lomwe lino, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth chinasanduka malo ophunzitsira. Mmodzi wa aphunzitsi ake anali Profesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana amene anagwirapo ntchito yothandiza odwala mwadzidzidzi ku Liverpool. Iye ndi anzake anachita chinthu chimene ambiri a ife timachinyoza: anawerenga. Anawerenga ana ogonekedwa, ana omwalira, ndiponso nthawi imene mwana aliyense anamwalirira. Anapeza kuti imfa zambiri zinkachitika tsiku loyamba lomwelo mwana atangofika. Ichi chinasonyeza kuti vuto lalikulu silinali m'wadi mokha ayi, koma linayambira pakhomo, pamene mwana wakayakaya ankaima mzere umodzi ndi mwana wa zipere.

Motero m'chaka cha 2001 anatsegula malo apadera olandirira ana odwala mwadzidzidzi. Anaphunzitsa anamwino kuyang'ana mwana aliyense akangofika, anaika mankhwala ofunika msanga ndi mpweya wa okosijeni pafupi ndi khomo, anakonza zoti magazi aziyezedwa pomwepo, ndipo madokotala odziwa ntchito anayamba kukhala kutsogoloko m'malo moyembekezera odwala kuwadi. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2006 m'magazini ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization. Kale mwa ana 100 alionse ogonekedwa ankamwalira ana 10 mpaka 18. Zinthu zitasintha chiwerengerocho chinatsikira pa 6 mpaka 8. Kale mwa imfa 100 zilizonse, 36 zinkachitika maola 24 oyambirira. Pambuyo pake zinatsala pafupifupi 13. Taonani kuti panalibe mankhwala atsopano ochokera kunja amene anachita zimenezi. Chimene chinasintha ndi dongosolo la ntchito, maphunziro a antchito, ndi maso a munthu woima pakhomo.

Njira imeneyi, imene inayesedwanso ku Brazil, bungwe la World Health Organization linaisindikiza m'chaka cha 2005 monga maphunziro a masiku owerengeka otchedwa ETAT, ndipo maiko ambiri a mu Afirika ndi ku Asia anaitenga. Nachonso chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, kumene odwala athu a ku Kasungu amatumizidwa zikavuta, chinakonza malo ake olandirira ana. Lipoti la chaka cha 2012 linasonyeza kuti imfa za masiku awiri oyambirira zinatsika kuchoka pa ana 48 kufika pa 38 mwa ana 1,000 alionse ogonekedwa. Ana khumi mwa 1,000 angaoneke ochepa papepala, koma pachipatala chogoneka ana zikwizikwi pachaka, amenewo ndi maliro ambiri amene midzi sinakhale.

Pali chinanso chimene tiyenera kunyadira. Muyeso umene madokotala a m'maiko a malungo amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa kukula kwa chikomokere cha mwana wamng'ono unakonzedwa ku Blantyre komweko ndi Dokotala Malcolm Molyneux, Dokotala Terrie Taylor ndi anzawo, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina la mzinda wathuwo.

MAGULU ATATU

Kodi tsono munthu woyenda m'mbali mwa mzere uja amayang'ana chiyani? Iye safunikira kukhala dokotala. Namwino, mlangizi wa zaumoyo, kalaliki, ngakhale mlonda wa pageti akhoza kuphunzitsidwa, ndipo wozolowera amatha kuyang'ana mwana mmodzi m'masekondi 15 kapena 20 okha. Akatero amaika mwanayo m'gulu limodzi mwa magulu atatu, amene m'zipatala zambiri amawasiyanitsa ndi mitundu: chofiira, chachikasu ndi chobiriwira.

Gulu lofiira ndi la ana amene akhoza kutisiya m'mphindi zowerengeka. Choyamba amayang'ana kupuma: mwana wotsamwidwa, wosapuma, wobanika kwambiri mpaka nthiti kulowa m'kati, kapena amene milomo ndi lilime zada. Kenaka amagwira dzanja. Ngati lazizira, amatsina chikhadabo mpaka chiyere n'kusiya. Magazi akapanda kubwerera pasanathe masekondi atatu, ndipo mtsempha ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakuyenda bwino m'thupi. Amaonanso ngati mwana wakomoka kapena akuphupha. Chotsiriza ndi mwana wotsegula m'mimba amene madzi athera m'thupi: maso alowa, walefuka, ndipo ukatsina khungu la pamimba silibwerera msanga. Mwana wokhala ndi chimodzi chokha mwa zizindikiro zimenezi sadikira buku, sadikira sikelo, sadikira aliyense.

Gulu lachikasu ndi la ana amene sali pa imfa pomwepo koma sayenera kutsalira kumbuyo. M'gulu limeneli muli khanda lililonse lodwala losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wovulala, wopsa ndi moto, womwa chiphe, womva ululu waukulu, woyera m'manja kaamba ka kuchepa magazi, wopuma movutikira, wolira mosatonthola kapena wongogona, wonyentchera kwambiri, wotupa mapazi onse awiri, ndiponso mwana amene wabwera ndi kalata yomutumiza kuchokera kuchipatala china. Otsala onse ndi a gulu lobiriwira, ndipo iwo amatsata mzere monga mwa nthawi zonse.

Pano ndiyenera kunena mawu amodzi kwa amayi. Mwana akhoza kufika ali wa gulu lobiriwira nasanduka wa gulu lofiira ali pabenchi pomwepo. Woyang'anira mzere ali ndi maso awiri okha, ndipo Lolemba la nyengo ya mvula anthu amachuluka. Chomwecho musamabise mwana m'chitenje nthawi yonse. Muzimuvundukula kawirikawiri, muzimuitana, muzimuyamwitsa. Mukaona kuti wasiya kuyamwa, sakudzuka, kapena kapumidwe kasintha, imirirani mufuule kuti, "Anesi, mwana wanga wakomoka!" Kumeneko si kupanda ulemu. Ndipo inu amene muli patsogolo, m'patseni njira mnzanuyo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

DIRIPI SI YANKHO LA ZONSE

Anthu ena akamva za kafukufuku wa zachipatala amayesa kuti ndi nkhani ya ophunzira okhaokha, yosakhudza munthu wa kwa Chulu kapena kwa Wimbe. Koma ndapeza kuti mikangano yambiri ya pakati pa makolo ndi anamwino imachokera pa zinthu zimene kafukufuku anasintha, makolo osauzidwa. Chitsanzo chachikulu ndi diripi.

Kwa zaka zambiri madokotala a dziko lonse ankakhulupirira kuti mwana wotentha thupi amene magazi sakuyenda bwino ayenera kupatsidwa madzi ambiri a m'diripi mofulumira. Zinkaoneka zanzeru, ndipo mwana ankaoneka ngati akutsitsimuka. Koma m'chaka cha 2011 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, wotsogoleredwa ndi Profesa Kathryn Maitland, amene anachitika pa ana 3,141 m'zipatala za ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Mwa ana 100 alionse amene anathiridwa madzi mofulumira, 10 kapena 11 anamwalira pasanathe masiku awiri. Mwa amene anapatsidwa madzi pang'onopang'ono anamwalira 7. Ofufuzawo anadabwa okha, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. M'chaka cha 2016 malangizo a ETAT anakonzedwanso, kuti madzi a m'diripi aziperekedwa mosamala kwambiri.

Tisasokoneze apa. Mwana wotsegula m'mimba amene madzi athera m'thupi amafunikadi diripi, ndipo imapulumutsa moyo wake. Ana otero sanali m'kafukufuku ameneyo. Koma mukaona namwino akudontheza madzi pang'onopang'ono kwa mwana wa malungo, kapena akunena kuti chofunika ndi magazi osati diripi, musaganize kuti akukumanani. Ndiponso musayese kutsegula nokha kampopi ka diripi namwino atatuluka, monga ndinaonera wodikirira wodwala wina akuchita, ati kuti botolo lithe msanga.

Momwemonso ndi kwinini. Akuluakulu ambiri amamukhulupirira popeza anawachiza iwo, ngakhale ankawaliza m'makutu. Koma kafukufuku wa chaka cha 2010, pa ana 5,425 a m'maiko asanu ndi anayi a mu Afirika, kuphatikizapo anansi athu a ku Mozambique, anasonyeza kuti mwa ana 100 a malungo aakulu olandira kwinini ankamwalira pafupifupi 11, pamene mwa olandira jakisoni wa artesunate ankamwalira osakwana 9. Kuyambira 2011 bungwe la World Health Organization limalangiza artesunate monga mankhwala oyamba a malungo aakulu kwa ana. Palinso artesunate woika kumatako, amene mlangizi wa zaumoyo akhoza kupatsa mwana wamng'ono asanamutumize kuchipatala. Chenjerani: mankhwala amenewo ndi ongogulira nthawi ya pamsewu. Mwana akatsegula maso mutamuika, musabwerere naye kunyumba, chifukwa malungowo sanathe.

KUCHEDWA KUMAYAMBIRA KUNYUMBA

Zonse ndafotokozazi zimathandiza mwana amene wafika pakhomo la chipatala akupumabe. Apa ndipo pali vuto lathu la kuno kuchigwa cha fodya. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene malungo ndi kutsegula m'mimba zimafika pachimake, ndiyo miyezi yomweyo imene banja lonse lili m'munda kuthyola fodya ndi m'chigafa kusoka. Ndalama za chaka chatha zinatha, msika wa ku Chinkhoma sunatsegulidwe, mitsinje yadzaza, ndipo njira za kumadambo ndi matope okhaokha. Mwana akatentha thupi madzulo, bambo amati tione m'mawa. M'mawa amati tiyambe tathyola mizere iwiri iyi. Masana apita kukagula panado pagolosale. Pofika tsiku lachitatu mwana wakomoka, ndipo mpamene amayamba kufunafuna ngolo. Wogwira ntchito paesiteti amayambanso wapempha chilolezo kwa akapitawo. Kwa eni minda ndi akapitawo ndikuti: fodya akachedwa tsiku limodzi amatsika giredi chabe, koma mwana wa malungo a mu ubongo alibe tsiku loti n'kuchedwa nalo. Ndiponso kumbukirani kuti kuchokera paboma pa Kasungu kukafika kuchipatala cha Kamuzu ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130. Mwana amene wachedwa kunyumba ndiye amene amafunikanso ulendo wautaliwo, mphamvu zake zitatha kale.

Kuyambira chaka cha 2008 Unduna wa Zaumoyo unayamba kukhazikitsa zipatala za m'midzi m'madera ovuta kufikako, kumene alangizi a zaumoyo amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Ngati kwanu chilipo, pitani tsiku loyamba lomwelo. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, musataye nthawi: pitani nalo kuchipatala chenicheni.

Pamene mukukonza ulendo pali zimene mungachite, ndiponso zimene simuyenera kuchita konse. Mwana akamaphupha, m'gonekeni chammbali kutali ndi moto, mum'vule zovala zolemera, ndipo musaike supuni, chala kapena mankhwala alionse m'kamwa mwake, chifukwa akhoza kutsamwa. Musamufukize utsi. Wotsegula m'mimba amene akutha kumwa, m'patseni Thanzi pang'onopang'ono njira yonse, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Wopsa ndi moto, phala kapena chitoliro chotentha cha m'balani, thirani madzi oyera ozizira pachilondapo kwa mphindi 20, kenaka phimbani ndi nsalu yochapa. Mazira, mankhwala otsukira mano ndi oyilo wa galimoto zimangobweretsa mafinya.

Mankhwala opopera fodya ndi a kunazale ndiwo amandidetsa nkhawa koposa, popeza poyendera midzi ndimawapeza atathiridwa m'mabotolo a zakumwa, ataikidwa pansi pa bedi pamene mwana wokwawa amafika. Munthu amene wamwa kapena kuthiridwa mankhwala otere amachucha dovu ndi thukuta, amasanza, amabanika, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa. M'vuleni zovala, m'sambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutateteza manja anu. Musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Thamangani naye, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa dzina lolembedwapo ndi limene lidzauze dokotala chochita. Mwana womwa parafini nayenso asasanzitsidwe, pakuti parafini akalowa m'mapapo ndi pamene amaononga.

Agogo aja akhoza kufunsa kuti, nanga ife akulu? Lamulo ndi lomwelo. Mayi woyembekezera amene akutaya magazi kapena kukomoka, munthu wovulala pangozi ya pamsewu wa M1, wolumidwa ndi njoka, wobanika, kapena amene mwadzidzidzi pakamwa papotoka ndi dzanja kulefuka, onsewa sadikira mzere. Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegula malo olandirira akulu odwala ndi ovulala mwadzidzidzi m'chaka cha 2011, ndipo ophunzira a sukulu ya madokotala ija, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, amaphunzirira pamenepo. Ena a iwo ndi amene adzakulandirani m'zipatala za m'maboma.

Sindinganame kuti zonse zili bwino. Wophunzitsidwa amasamutsidwa, wobwera m'malo mwake nayamba ntchito asanaphunzire; pena ambulansi ili kwina, pena magetsi azima makina a okosijeni akufunika. Zimenezo ndi zathu a zaumoyo, ndipo timazinena m'misonkhano. Koma za ulendo wochokera kumudzi zili m'manja mwa mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Mvula isanayambe, mudzi uliwonse ugwirizane: mwana akakomoka pakati pa usiku, ngolo itengedwa kwa yani, wa njinga yamoto amene angadzutsidwe ndani ndipo adzalipidwa bwanji, nambala ya foni ya mlangizi ili ndi yani, ndiponso mlatho ukamira, njira ina ndi iti. Ine pobwera kudzayendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi yanu, ndidzafunsanso mafunso anayi amenewa, ndipo ndidzalemba mayankho ake m'buku lomwelo.